Amene tikumusekayo ali ndi kwawo

Kanemayo adandipeza Lachiwiri m'mawa ndili pamzere wa mafuta. Adali wamfupi, sadakwane n'komwe mphindi imodzi. Bambo wina wachikulire, wovala jekete ndi tayi, akudzandira padepoti ya minibasi, chikwama chili kukhwapa. Akuyesa kulankhula Chingerezi kwa mnyamata woitanira, koma lilime likukana. Kenako akupunthwa pamwala n'kukhala pansi m'matope, thapsa! Wina adali ataikapo kanyimbo kovinitsa, ndipo pamwamba adalembapo kuti: "Kachasu wa m'mawa salemekeza tayi."

Ndidaseka. Ndisaname, ndidaseka mpaka mkulu amene adali m'galimoto ya kutsogolo adacheuka. Ndisadafike n'komwe papampu ndidali nditamutumiza kumagulu atatu a WhatsApp: la kuntchito, la anzanga a kusekondale, ndi la pabanja pathu. Ma "kkkkk" adayamba kugwa ngati matalala, ine mtima uli mbee kuti ndasangalatsa anthu.

Madzulo ake achemwali anga aakulu adandiimbira.

"Achimwene, kanema mwatumiza uja mwamuonetsetsa koma?"

"Eya, bwanji?"

"Taonereninso bwinobwino. Si aphunzitsi aja anatiphunzitsa Sitandade 7 aja?"

Kanema akadutsa m'mafoni ambiri amafika atazilala, nkhope zosaoneka bwino. Ndidamuimitsa, n'kukulitsa ndi zala. Adali iwowo. Munthu amene adandiphunzitsa kulemba kalata yofunsira ntchito, mkulu wa mpingo, amene chibadwire sindidamvepo kuti adalawako ngakhale chibuku. Achemwali adandiuza zomwe mudzi wonse udali ukudziwa kale: aphunzitsiwo amadwala shuga. Tsikulo adalawira kuchipatala cha paboma atamwa mankhwala koma osadya kanthu, ndipo shuga adatsika ali panjira. Amene adasamalirapo wodwala nthendayi akudziwa kuti shuga akatsika munthu amatuluka thukuta, amanjenjemera, amadzandira, mawu samveka, mutu umasokonezeka. Kumuona uli patali ungalumbire kuti wakhuta mowa. Chomwe amafunika pa nthawiyo ndi chakumwa chotsekemera kapena supuni ya shuga m'madzi. Adawathandiza ndi mayi wina wogulitsa nthochi, koma mayiyo mukanemamo mulibe. Wojambulayo adali atazimitsa kale, poti zoseketsa zidali zitatha.

Nditaonereranso kachitatu ndidawerenga mafoni anayi ali m'mwamba kuzungulira munthu mmodzi amene adali m'matope.

Ndisadapitirire, ndinene kaye kuti sindine mdani wa phwete. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kupukusa mutu kuti uyunso wabwera kudzatilalikira. Ayi. Ndi mmene zinthu zakwerera mitengomu, ndi mizere ya mafutayi, ndi magetsi ongobwera ngati mlendowa, munthu akapeza chomuseketsa aseke ndithu. Mlongo wathu wamng'ono ali ku Johannesburg, amagwira ntchito yapanyumba, ndipo kangapo wandiuzapo kuti timakanema ta kuno n'tomwe timamugonetsa tulo: mbuzi yolanda mandasi pamsika, kwaya ya amayi yomwe yalakwitsa sitepe onse n'kugwa ndi phwete, mwana wovina mosaona nkhope paukwati. Akaona zoterozo amamva ngati ali pakhonde kwathu. Bandulo yomwe timaguliratu kuti ikhale sabata n'kutha pa masiku awiri ija siimapita pachabe nthawi zonse. Imagula kanthu kenikeni.

Nkhani yanga ndi ina. Pa makanema omwe timatumizirana pali mitundu iwiri, ndipo tazolowera kuiona ngati umodzi. Pali kanema wa munthu amene wasankha yekha kutiseketsa, ndiye palinso kanema wa munthu amene wangogwidwa ndi kamera pa ola lake loipa.

Akuluakulu a msinkhu wanga akukumbuka Izeki ndi Jakobo. Malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi ankadzisandutsa zitsiru pamaso pathu, ife n'kumagubuduka m'maholo ndi pawailesi ya kanema. Koma uchitsiruwo udali ntchito. Adaukonzekera, ankalandirapo kangachepe, ndipo akatsika pansanja ankavula Izeki ndi Jakobo n'kubwerera kunyumba ali a Nyanga ndi a Mabedi, anthu aulemu wawo. N'chimodzimodzi Manganya wa mu Tikuferanji: tidamuseka zaka ndi zaka, koma sizidawaletse a Michael Usi kudzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Achinyamata ambiri amene akupanga timasewero pa TikTok ndi Facebook lero ali mumzere womwewo, ndipo ena mwa iwo ngaluso kwabasi. Amenewa tiziwaseka, tiziwagawa, ndipo amene angathe aziwalemba ntchito yotsatsa malonda.

Aphunzitsi anga aja alibe chovala chomwe angavule. Munthu amene dziko lidamuona ali m'matopeyo ndi yemweyo amene Lamulungu amayenera kuimirira kutsogolo kwa mpingo n'kuwerenga mawu.

Ena amati, koma Amalawife kuseka anzathu tidayamba kale, foni yangopeza. N'zoona, ndipo n'zomwe zimandipangitsa kuganiza kwambiri. Kwathu kuli chisuweni. Msuweni wako atha kukunyoza pagulu kuti mutu ngati chibonga, kukulanda nkhuku, kukuuza kuti ndiwe mkazi wake, anthu n'kumaseka. Ngakhale pamaliro, adzukulu amatha kuchita nthabwala zomwe munthu wamba sangayerekeze. Koma taonani mmene nthabwala zimenezi zidamangidwira. Wosekedwayo amakhala pomwepo. Ali ndi pakamwa, abweza, ndipo kawirikawiri amabweza moposa. Aliyense pabwalopo akudziwa ubale womwe ukuloleza chipongwecho. Zikafika poipa pamakhala wamkulu wonena kuti basi, zakwana, ndipo zimathera pomwepo. Dzuwa likalowa nkhani yatha, mawa mudyera mbale imodzi.

Kanema alibe zonsezi. Amene akuseka ku Mzuzu, ku Chipata kapena ku Leeds si msuweni wa munthuyo. Wosekedwayo sangayankhe, ndipo nthawi zambiri ndiye amakhala womaliza kudziwa. Ndipo palibe dzuwa lomwe limalowa. Kanema amagona m'foni miyezi, kenako wina amudzutsa, amuika nyimbo ina ndi mawu ena, ulendo wayambiranso.

Tidakwiyapo ndi zoterezi, ndipo tidakwiya moyenera. Mu June 2022 BBC Africa Eye idatulutsa kafukufuku wotchedwa Racism for Sale. Adaonetsa mmene nzika ina ya ku China, Lu Ke, inkajambulira ana a kwa Njewa ku Lilongwe akuimba, kuvina ndi kunena mawu a Chitchaina omwe sankawamva tanthauzo. Makanemawo ankagulitsidwa pa intaneti kwa anthu a kwawo ofuna kufunira anzawo mafuno abwino kapena kungoseka. Kanema amene adayambitsa kafukufukuyo adaonetsa ana akukuwa mokondwa mawu odzinyoza okha, onyoza khungu lawo ndi nzeru zawo. Mkuluyo adakana kuti kanema ameneyo si wake, koma nkhani itaphulika adathawa, adagwidwa ku Zambia n'kubwezedwa kuno, ndipo mu July 2023 khoti ku Lilongwe lidamugamula miyezi 12, yomwe adali atakhala kale ali m'manja mwa boma, n'kumulamula kuti atuluke m'dziko muno. Anthu adachita ziwonetsero. Pamasamba a mchezo tidalemba mawu aukali, ine ndemwe.

Tsono funso lomwe lakhala likundisowetsa mtendere n'lakuti: chidatipweteka n'chiyani kwenikweni? Ngati chidali tsankho lokha, chabwino, nkhaniyo idatha ndi kuchoka kwa mkuluyo. Koma ndikukhulupirira kuti chidatipweteka china n'chakuti munthu wokhala ndi kamera adapeza anthu opanda mphamvu, amene samadziwa komwe nkhope zawo zikupita, n'kuwasandutsa choseketsa cha anthu ena. Ngati n'choncho, tatsegulani foni yanu muone makanema khumi omaliza omwe mwalandira. Mwana wa kumudzi amene akumufunsa mafunso a Chingerezi dala kuti alakwitse. Gogo amene akumuuza kuti atchule dzina la chakudya cha azungu. Wodwala misala amene amuponyera K500 kuti avine. Mtsikana wantchito amene abwana ake amujambula akulephera kuyatsa chipangizo cha kukhitchini. Amajambula ndi ife, amaseka ndi ife. Sindikunena kuti n'zofanana ndendende ndi za kwa Njewa. Koma zikuchokera ku chitsime chimodzi, ndipo mwaona kuti wosekedwayo nthawi zonse amakhala wosauka kuposa wojambulayo? Sindidaonepo kanema wa bwana wamkulu ataterereka muofesi mwake. Si kuti mabwana saterereka. Wantchito amene angajambule akudziwa kuti mawa ntchito yatha.

Pali chodzikhululukira chomwe ndidachigwiritsapo ntchito usiku womwe achemwali adaimba uja: sindidajambule ndine, ndangotumiza. Chimamveka bwino mpaka utaganizira mmene zinthuzi zimayendera. Wojambula ndi mmodzi, ndipo payekha angaonetse anthu angati? Anzake asanu a padepoti. Chomwe chimasandutsa ngozi ya padepoti kukhala manyazi a dziko lonse ndi chala changa ndi chanu. Gulu langa la kusekondale lokha lili ndi anthu oposa zana. Eni ake a WhatsApp adaliona vutoli kalekale: mu 2019 adaika malire akuti uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulu asanu okha pa nthawi imodzi, ndipo mu 2020 adati uthenga womwe wayenda kale kwambiri, uja umabwera ndi timivi tiwiri pamwamba, uzitumizidwa kumodzi kokha. Koma ife tidapeza njira. Timausunga m'foni n'kuutumiza ngati watsopano, kapena kuuika pa status. Ukafika kwa anyamata a tizipinda toikira nyimbo m'mamemori kumsika, ndiye kuti wafika ngakhale kumudzi komwe netiweki amakaipezera pachulu.

Pa Facebook ndi TikTok ndiye pali msampha wina. Makinawa amakankhira kutsogolo chinthu chomwe anthu akuchigwiragwira. Kankhope koseka, ndemanga, kuonera mpaka kumapeto, zonsezo zimawauza kuti ichi n'chokoma, chionetse kwa ena. Ngakhale inu a mtima wabwino amene mumalemba pansi kuti "abale chotsani izi, si bwino", mwaonjezera nkhuni pamoto womwewo. Ndipo mwini tsambalo otsatira ake akachuluka amayamba kulipiritsa otsatsa malonda. Ndiye kuti pa kugwa kwa aphunzitsi anga pali wina amene adadyapo. Iwo adapezapo jekete yoti ichapidwe.

Kuti ndisaoneke ngati ndikungoona mdima, pali chitsanzo chomwe chimandisangalatsa. Agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, adaimba zaka zambirimbiri ndi gitala yawo. Mu 2020 Patience Namadingo adajambula nawo nyimbo zawo zakale, ndipo chakumapeto kwa 2021 Linny Hoo idagwira moto pa TikTok. Pofika kumayambiriro kwa 2022 idali itaonedwa maulendo oposa 80 miliyoni, anthu a maiko akutali akuvina nyimbo ya mkulu amene mwini wake adalibe n'komwe foni yamakono. Zala zomwe zidayendetsa kanema ameneyo ndi zomwezi zathuzi. Kusiyana kwake n'kwakuti a Chalamanda adakhala kutsogolo kwa kamera akudziwa, akuchita chomwe amachidziwa bwino kuposa wina aliyense, ndipo dzina lawo lidayenda limodzi ndi nkhope yawo. Funso loti pa mamiliyoni onsewo m'thumba mwawo mudalowa zingati ndi la tsiku lina, koma ulemu wokha adaupeza.

Ndiponso kamera ya m'manja yatithandizapo pa zinthu zolemera. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche mu March 2023, dziko lidadziwa msanga kukula kwa tsokalo chifukwa cha anthu wamba amene adajambula. Makanema a apolisi kapena akuluakulu akuchita zosayenera apangitsapo kuti nkhani zomwe zikadakwiriridwa zifufuzidwe. Kujambula wamphamvu akupondereza wofooka ndi ntchito yabwino. Koma masiku omwewo a Freddy tidatumiziranaso zithunzi za matupi a anthu osaphimba, ena achibale awo asadamve n'komwe uthenga. Pamenepo sitinkaseka, koma chala chidali chomwecho, chofulumira kuposa mutu.

Nanga malamulo? Alipo. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 19, amati ulemu wa munthu sufunika kuphwanyidwa, ndipo gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu. Kuyambira 2016 tilinso ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, lomwe limaletsa kuzunza kapena kusautsa munthu kudzera pa intaneti. Koma tanenani zoona, amene timamva kuti anjatidwa ndi lamuloli ndi ati? Kawirikawiri ndi amene walemba zonyoza wandale kapena munthu wina wa dzina. Mayi wogulitsa tomato amene chitenje chidamuvuka pothawa a khonsolo, kanema wake n'kuzungulira dziko lonse, akadandaule kuti? Ayambire pati, ndi ndalama ziti, ndipo akasumire ndani pakati pa anthu zikwi amene adatumiza? Sindikupempha kuti apolisi ayambe kulowa m'magulu athu a WhatsApp, Mulungu atithandize, ndi mmene lamuloli lagwiritsidwira ntchito kale. Ndikungonena kuti kwa munthu wamba chitetezo chomwe chilipo ndi chimodzi chokha, ndicho kuti wina pamzerewo akane kupatsira mnzake.

Ine ndidayamba kudzifunsa mafunso awiri ndisadatumize. Kodi munthuyu akudziwa kuti akujambulidwa, ndipo akadakhala pano tikadaseka naye limodzi? Ndipo kodi chikundiseketsachi ndi luso lake, kapena umphawi wake, ukalamba wake, matenda ake? Mbuzi ya mandasi ija imakhoza mayeso onse awiri. Kwaya ija nayonso, poti amayiwo ndiwo adayamba kuseka. Ambiri mwa makanema otsalawo amalephera, ndipo ndaona kuti sindidasaukirepo kanthu powasiya. Za ana ndiye sinditumizanso n'komwe pokhapokha kholo lake ndi lomwe laika, ndipo ngakhale pamenepo ndimakayika, chifukwa mwana wa zaka zinayi amene tikumuseka lero adzakhala mu Fomu 2 kanemayo akadalipo.

Chovuta kwambiri si kusatumiza. Chovuta ndi kulankhula pagulu. Tayesani kulemba pagulu la anzanu kuti izi sizabwino, muone. Mmodzi adzati mwakalamba, wina adzati abusa afika, wina adzaika kankhope kogona tulo. Palibe amene amafuna kukhala wothira madzi pamoto wa chisangalalo. Komatu pabwalo la kumudzi wamkulu wonena kuti zakwana uja nayenso sankaomberedwa m'manja. Ankangomveredwa. Maadimini a magulu athuwa amadziwa kuchotsa munthu amene watumiza za ndale kapena amene sadasonkhe ya maliro. Mphamvu yomweyo ikhoza kugwiranso ntchito apa.

Pa Khirisimasi ndidapita kumudzi ndipo ndidakawaona aphunzitsi aja. Ndidanyamula shuga ndi sopo, kenako panjira ndidazindikira kupusa kwa kutengera shuga munthu wodwala shuga, ndiye ndidangowapatsa mayi a kunyumba kwawo mwakachetechete. Mayiwo ndiwo adandiuza, tili kuseri kwa nyumba, kuti bambo adakhala miyezi iwiri osapita kutchalitchi. Akuluakulu a mpingo adachita kubwera kudzafunsa ngati n'zoona kuti ayamba kumwa. Mdzukulu wawo wa kusekondale yoyendera adamenyana ndi mnzake amene ankamuonetsa kanemayo pa nthawi yopuma, ndipo adamuimitsa sukulu sabata ziwiri. Kuchipatala tsopano amapita ndi munthu wowaperekeza, ndipo savalanso tayi.

Eni akewo adandilandira bwino, adandifunsa za ntchito ndi za ana. Tili pakati pocheza adandiyang'ana n'kunena kuti, "Kodi mwana wanga, nawenso unaiona filimu yanga ija?"

Ndidati eya, ndinaiona.

"Akuti inafika mpaka ku Joni," adatero, n'kuseka pang'ono. "Ine amene sindinapiteko n'komwe ku Mwanza."

Sindidawauze kuti ku Joniko adaifikitsa ndine, kudzera pagulu la pabanja pathu. Ndidakhala pampandopo ndikuyang'ana nkhuku zomwe zinkatola madeya pabwalo, mpaka iwo adasintha nkhani n'kuyamba kudandaula za mtengo wa feteleza.

Mwezi wathawu kanemayo adabweranso pagulu la anzanga a kusekondale. Nyimbo ndi ina, ndipo mawu a pamwamba akuti izi zachitika ku Kasungu, kwa mkulu wina amene wamwera ndalama za fodya. Ndidalemba kuti munthuyo ndikumudziwa, ndi aphunzitsi anga, adali atadwala shuga, ndipo ndidapempha kuti achotsedwe. Padadutsa mphindi khumi gulu lili zii. Kenako amene adatumizayo adachotsa n'kulemba kuti "pepani akulu, sindimadziwa". Pansi pake wina adafunsa ngati alipo amene adausunga, poti iye adali asadaonere.